Tsabola, jinja ndi adyo: mmene gulu la pamudzi lingayambire kulima zokometsera n'kumapeza ndalama

Gulu lathu kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje lidayamba ngati banki m'khonde wamba, anthu 18, amayi ambiri abambo anayi okha, kusonkha masheya Lachinayi lililonse ndiye kumapeto kwa chaka kugawana, ndalama ija n'kuthera feteleza ndi yunifomu za ana, Januwale akamafika tonse tili manja lende ngati sitinagawane kanthu. Maganizo olima zokometsera adabwera nthawi ya Covid ija, 2021, pomwe jinja, adyo ndi mandimu zidakwera mtengo moti kachidutswa ka jinja kofanana ndi chala chachikulu umachita kukaganizira kawiri usanagule. Mayi wina m'gulumo adangofunsa kuti kodi zinthu zimenezi zimamera kumwamba? Poyambira pake padali pomwepo. Zomwe ndikulemba apazi ndi zomwe taphunzira ndi manja athu, zina mokoma zina mowawa, ndipo ndikulembera magulu ang'onoang'ono ngati athuwa, a banki m'khonde, a kumpingo, makalabu a achinyamata, anthu amene malo ndi ochepa koma manja alipo.

Choyamba, khasu lisiyeni kaye, pitani kumsika

Apa ndiye pamene ambiri timaphonya. Timamva kuti tsabola ali ndi ndalama, ndiye thamangu kukalima theka la ekala, pokolola m'pamene tiyamba kufunsa kuti kodi amagula ndani. Ayi abale, yambirani kumapeto. Sankhani anthu awiri kapena atatu m'gulu, oyankhula bwino komanso osachita manyazi, apatseni thiransipoti kuchokera m'thumba la gulu apite kumsika waukulu womwe muli nawo pafupi, kaya ndi Limbe, kaya Zomba, kaya Wakawaka ku Lilongwe, kaya Lizulu kapena Jenda. Akafunse amayi ogulitsa pa mabenchi kuti jinja amaoda kuti, amaoda pa kilo kapena pa chidebe, miyezi iti amasowa, akabwera woipa amakhala wotani. Akalowenso m'malesitilanti, kwa okazinga tchipisi ndi kanyenya, m'malo ogona alendo, m'mashopu a mabanja achimwenye amene amafuna dhania (coriander) ndi minti wa fuleshi sabata iliyonse. Zonse alembe m'kope, dzina la malo, chomwe akufuna, kuchuluka kwake, tsiku lomwe amalandira katundu komanso ngati amalipira pompopompo kapena amati bwerani mawa.

Funso lalikulu ndi la miyezi yosowa. Chinthu chilichonse chili ndi nyengo yomwe chimadzaza msika mtengo n'kugwa, ndiye phindu la zokometsera lili pakuti zambiri zimasungika, ukaumitsa bwino utha kudikira. Tomato sadikira, tsabola wouma amadikira. Ifeyo chidatikopa kwambiri n'chimenechi, chifukwa msewu wathu nthawi ya mvula galimoto sizifika, koma thumba la tsabola wouma kapena ufa wa jinja munthu amakwera nalo kabaza osavutika.

Mufufuzenso ngati kudera kwanu kuli bungwe logula kale. Kuno kwathu alimi a tsabola akhala akugulitsa kudzera ku Zikometso, yomwe ili pansi pa NASFAM, kwa zaka zambiri, ndipo tsabola wa m'botolo wa Nali amene tonse timamudziwa amapangidwa ndi tsabola wolimidwa mdziko momwe muno. Alangizi a ku EPA yanu, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, amadziwa amene akugula chaka chimenecho, afunseni, ntchito yawo ndi imeneyo. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, sankhani mbewu zitatu basi

Musatengeke ndi mndandanda wautali. Ine ndimalangiza kuti gulu lisankhe imodzi yobweretsa ndalama msanga, imodzi ya pakatikati, ndi imodzi yochedwa koma yolemera. Zamsanga ndi zamasamba, dhania amene pakatha masabata 4 mpaka 6 mwayamba kudula, minti, ndi udzu wa tiyi uja wa lemon grass. Yapakatikati ndi tsabola, kaya wamng'ono wofiira uja amati bird's eye, kaya kambuzi. Zochedwa ndi jinja ndi tameriki (turmeric, wachikasu uja), zimenezi zimakhala m'nthaka miyezi 8 mpaka 10, ndiye ngati gulu lonse lingodalira jinja yekha anthu amatopa kudikira, ena amayamba kujomba ku ntchito. Adyo ndi wa nyengo yozizira, wa kudimba, amachita bwino kumadera okwera ngati Dedza ndi Ntcheu, a ku Nsanje ndi Chikwawa musalimbane naye, kumeneko tsabola ndi chidede ndiye zanu. Jinja amafuna mvula yambiri, nthaka yofewa ndi kamthunzi pang'ono, n'chifukwa chake kuno, ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay amakondwa.

Za malo, musachotse chimanga m'munda kuti mubzale tsabola, chaka choyamba ayi ndithu. Pemphani kachigawo kwa amfumu kapena kwa membala amene ali ndi malo ongokhala, mapazi 20 mulitali 20 mulifupi akukwana kuphunzirirapo, ndipo mgwirizano wa malowo ulembedwe papepala mboni zisayine, chifukwa munda ukayamba kubereka ndalama achibale a mwini malo amatulukira. Kenako membala aliyense akhale ndi kake kuseri kwa nyumba, ngakhale m'matumba a simenti odzaza dothi ndi manyowa. Minti makamaka mubzale m'thumba kapena m'beseni lobooka, mukamuika pabedi amayanga n'kulanda malo onse.

Manyowa ayambeni msanga, Ogasiti kapena Seputembala. Dzenje, udzu wouma pansi, ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono, masamba aawisi, kuthirira, kubwereza mpaka lidzaze, kumatembenuza pakatha masabata angapo. Akapsa amakhala akuda, ozizira mukapisa dzanja ndipo sanunkha ndowe. Chikwerereni mtengo wa feteleza kwacha itagwa mu Novembala 2023, manyowa ndi amene atisunga ife. Koma osathira ndowe zaziwisi pa jinja, amaola.

Chachitatu, tsabola

Nazale ikhale yokonzeka mu Okotobala. Bedi lokwera, mulifupi mita imodzi kuti dzanja lifike pakati osapondapo, dothi losalala losakaniza manyowa opsa. Fesani m'timizere tosaya, kukwirira pang'ono chabe, kuphimba ndi udzu, kuthirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo. Tsabola amachedwa kumera, nthawi zina mpaka masabata awiri kapena atatu, ndiye musafukule poganiza kuti mbewu yafa. Akangomera chotsani udzu uja muukweze pa kathandala kuti ukhale mthunzi, ndipo sabata yomaliza musanawokere chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zilimbe. Mbande zimakhala zokonzeka pakatha masabata 6 mpaka 8, zikatalika ngati chikhatho.

Kuwokera dikirani mvula ikhazikike, osati yoyamba ija yonamiza, ndipo muwokere madzulo kapena tsiku la mitambo. Mizere italikirane masentimita 75 mpaka 90, mbande masentimita 45 mpaka 60, paphando lililonse manyowa odzaza manja awiri. Musabzale pomwe chaka chatha padali tomato, fodya, mabiringanya kapena mbatatesi, zonsezi ndi pachibale ndipo matenda awo ndi amodzi, makamaka kufota kuja komwe mtengo umangogwa mphwayi masana uli wobiriwira. Mukaona mtengo wotero, kapena wa masamba opiringizika okwinyika, zulani mukatenthe kutali, musaumvere chisoni. Nsabwe ndi tintchentche toyera ndi zomwe zimafalitsa matenda okwinyikawo, ndiye muziyendera munda kawiri pasabata mukutembenuza masamba kuona kunsi. Ife timasinja masamba a nimu, kuviika m'madzi usiku wonse, kusefa, kuthiramo sopo pang'ono n'kupopera madzulo. Ena amagwiritsa ombwe, amagwira ntchito koma osatsukira zipangizo mumtsinje chifukwa amapha nsomba. Mukagula mankhwala a kusitolo werengani masiku odikira musanathyole ndipo muwatsatire, tsabola ameneyu akukalowa m'kamwa mwa anthu.

Pakatha miyezi itatu chiwokerereni mumayamba kuthyola, ndipo apa ndi pomwe mudziwe kuti tsabola wamng'onoyu ndalama yake ili m'zala. Munthu umakhala chowerama m'mawa wonse, kamodzikamodzi, kachidebe osadzaza. Gulu lomwe lalima malo aakulu kuposa manja omwe lili nawo limangoona tsabola akugwa pansi. Thyolani ofiira okhaokha, mame atauma, sabata iliyonse osadumphitsa chifukwa mukamathyola m'pamenenso amabereka. Funsiranitu wogula ngati akufuna wochotsa timapesi kapena ayi. Ndipo chonde ana aang'ono asakhale pafupi, mayi woyamwitsa asambe m'manja ndi sopo kawiri asananyamule mwana, kupaka mafuta ophikira m'manja musanasambe kumathandiza kuchotsa ukali uja.

Kambuzi ndi wosiyana, ndi wa fungo, anthu amamufuna wa fuleshi kapena wa m'botolo, ndiye ameneyu mulime wochepa molingana ndi maoda omwe muli nawo.

Chachinayi, jinja ndi tameriki

Mbewu ya jinja ndi jinja yemweyo, n'chifukwa chake kuyamba kumafuna ndalama zambiri. Musagule wa pamsika wongoona kukongola, ena amakhala atakumbidwa osakhwima ndipo amangoola m'nthaka. Pitani kwa mlimi amene munda wake mwauona ndi maso, mugule wokhwima, wolimba, wa khungu louma, wopanda mabala ofewa. Muikeni pamthunzi pamalo a chinyontho pang'ono, mutamuphimba ndi udzu kapena chiguduli, mpaka timaso tiyambe kutupa. Kenako muduleni zidutswa, chilichonse chikhale ndi maso awiri kapena atatu, kukula ngati zala ziwiri, pakani phulusa podulapo musiye tsiku limodzi kapena awiri kuti bala liume. Mpeni muziutsuka, ukadula chidutswa chodwala umapatsira zonse.

Bzalani mvula ikayamba, Novembala kapena Disembala, pa mabedi okwera bwino, kuya kwake ngati chala chamkombaphala, maso kuyang'ana kumwamba, masentimita 25 mpaka 30 pakati pa zidutswa. Mukangobzala phimbirani ndi udzu kapena masamba a nthochi ochindikala, ndipo muziwonjezera akamaola. Mdani wamkulu wa jinja ndi madzi odikha. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa zimenezi mosaiwalika, mabedi omwe adali kumunsi opanda ngalande madzi adakhalamo masiku angapo, titafukula patapita sabata jinja yense adali phala, fungo lake loipa, pomwe mabedi atatu omwe adali pamtunda pansi pa nthochi adapulumuka ndipo ndi omwe adatipatsa mbewu ya chaka chotsatira. Ndiye kumbani ngalande musanabzale, osati mvula itakupezani.

Palirani ndi manja, khasu limatema jinja. Mukaona akutulukira pamwamba kwezerani dothi. Akakhwima masamba amachita chikasu n'kuuma okha, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pamenepo kumbani mosamala kuyambira m'mbali mwa bedi. Tameriki njira yake ndi yomweyi, kungoti iye amapirira kwambiri ndipo masamba ake ndi aakulu, mupatseni mpata wochulukirapo.

Tsiku lokumba, musanagulitse ngakhale kilo imodzi, patulani mbewu. Ndikunenetsa chifukwa ndalama ikaoneka patebulo aliyense amaiwala za chaka chamawa. Ife lamulo lathu ndi lakuti pa zidebe zisanu zilizonse chimodzi ndi cha mbewu, chabwino koposa, chimasungidwa m'dzenje la pamthunzi mothira mchenga wouma ndipo makiyi a nkhaniyi ali ndi anthu awiri osiyana mabanja.

Adyo mwachidule: Epulo kapena Meyi kudimba, gawani mutu, tengani timano takunja tonenepa, kosongoka kuyang'ana kumwamba, masentimita 10 pakati, kuthirira mosadumphitsa koma osadikhitsa madzi, udzu osaulola chifukwa adyo salimbana nawo. Pakatha miyezi 4 kapena 5 masamba akayamba kuuma siyani kuthirira masabata awiri, zulani, mangani m'mitolo ndi masamba ake omwe mupachike pamthunzi podutsa mphepo masabata awiri kapena atatu. Basi.

Chachisanu, kuumitsa, ndipo apa ndikhalitsapo

Kulima aliyense amatha, koma mtengo umapangidwa kapena kuphedwa pa kuumitsa. Chaka chathu choyamba tidayanika tsabola pabwalo, pa mphasa ndi pa matumba, ena pansi penipeni pozira. Nkhuku zidapondamo, fumbi, timiyala, ndipo tsiku lina kamvula ka chiperoni kadatipeza tonse tili kumaliro, tidamulowetsa ali wonyowa n'kumuunjika pakona. Patapita masiku atatu pakati pa muluwo padali potentha, tsabola atada, ena atachita chuku choyera. Wogula atabwera adapisa dzanja m'thumba, kufinya, kununkhiza, n'kuthira pa lichero, adangosankha wochepa kwambiri wotsalayo adati sangatenge ngakhale mwaulere. Amayi ena adalira pamenepo, miyezi yonse ija yowerama. Sadalakwe wogulayo, chuku chotere chitha kukhala ngati chija chimavuta pa mtedza, chokhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo makampani otumiza kunja amayeza.

Ndiye mangani thandala musanayambe kuthyola. Lofika m'chiuno, la nsungwi kapena mitengo, pamwamba mphasa yoyera kapena neti, pamalo opita mphepo kutali ndi khola ndi chimbudzi. Yalani mopyapyala, osaunjika, muzitembenuza kawiri kapena katatu patsiku. Pakhale pepala la pulasitiki pafupi komanso munthu wa dyute tsiku lililonse, ngakhale kukhale maliro kapena ukwati mmodzi atsale. Madzulo lowetsani kapena phimbani chifukwa mame amabwezera chinyontho. Amene muli ndi kangachepe pangani chowumitsira cha dzuwa, ndi thandala lomweli koma lokutidwa ndi pulasitiki yoonekera ngati kanyumba, kusiya mipata pansi ndi pamwamba kuti mpweya uzidutsa, kalipentala wa pamudzi atha kukhoma tsiku limodzi. Kwa ife a chiperoni chimenechi chidasintha zinthu.

Mudziwa bwanji kuti wauma? Tengani wodzaza dzanja mugwedeze pafupi ndi khutu, azimveka tchekete tchekete njere zikulira mkati, ndipo mukapinda azithyoka osati kupindika. Akauma sankhani pa lichero, ofiira bwino paokha, otuwa ndi amawanga paokha, akuda ndi achuku kutaya, osati kuwasakaniza pansi pa thumba ayi, wogula akakugwirani kamodzi sabweranso ndipo amauza anzake. Longedzani m'matumba oyera, osati munali feteleza, muwasanje pa matabwa osagunda khoma. Dziwiranitu kuti makilo atatu kapena anayi a tsabola wamuwisi amatsala kilo imodzi akauma, kuti pasakhale kuganizirana kuti wina waba.

Jinja woumitsa mutsukeni bwinobwino, palani khungu ndi supuni, dulani tizidutswa topyapyala ngati tchipisi ta chinangwa, yanikani pa thandala mpaka tizithyoka kuti thyo. Makilo pafupifupi asanu a muwisi amapereka kilo imodzi youma, ndiye musanaumitse werengani kaye, ngati mtengo wa muwisi uli bwino gulitsani muwisi, muumitse wotsala, wothyokathyoka ndi wa nthawi yomwe msika wadzaza. Tameriki amayamba waphikidwa, mumphika madzi ongomiza, kuwira mphindi 45 mpaka ola, mpaka kamtengo kazilowa mosavuta ndi fungo lake litamveka, kenako kuyanika masiku 10 mpaka 15. Kuphikako kumathandiza kuti mtundu ulowerere paliponse komanso aume msanga. Manja ndi zovala zimachita chikasu, valani zakale.

Zamasamba, lemon grass, minti, chamwamba, izi ziume pamthunzi osati padzuwa, dzuwa limawaula mtundu n'kuuluzanso fungo, ndipo fungolo ndi lomwe mukugulitsa.

Chachisanu n'chimodzi, kusinja ndi kulongedza

Ufa umabweretsa ndalama zambiri kuposa chinthu chathunthu, koma umafunanso ukhondo wambiri. Gulani mtondo ndi munsi zapadera za zokometsera zokha, ndipo wa tsabola ukhale wakewake, apo ayi jinja wanu wa mu tiyi adzawawa tsabola makasitomala n'kuthawa. Posinja tsabola mangani kansalu kukamwa ndi mphuno, musinjire panja mphepo ikuchokera kumsana. Sefani ndi sefa yosalala. Kuchigayo cha chimanga ife tidasiya, ufa umatuluka utasakanikira ndi gaga komanso eni chigayo amadandaula fungo. Musinje wokwana maoda a mwezi umodzi, wotsala asungidwe wathunthu chifukwa ufa umataya fungo msanga.

Timapaketi tikhale tating'ono, anthu akumudzi ndi m'matauni momwe amagula cha lero, magalamu 20, 50, mwina 100 kwa a malesitilanti. Kasikelo ka dijito kogwiritsa mabatire n'kofunika kuposa china chilichonse chomwe mungagule. Kumata mapaketi poyamba tinkagwiritsa kandulo ndi mpeni wa macheka, zimatheka, koma kamakina komatira kakapezeka gulani. Pa lebulo lembani dzina la gulu, chomwe chili mkati, kulemera kwake, tsiku lolongedza ndi nambala ya foni ya gulu. Osalemba kuti chimachiza shuga, BP kapena matenda ena alionse, ndikudziwa ena amatero ndipo malonda amayenda, koma mukunamiza munthu wodwala amene mwina asiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha kapaketi kanu. Ndi chokometsera, ndi tiyi, zikwane pamenepo. Ndipo osasakaniza ufa wa chimanga kapena utoto mu tameriki kuti achuluke.

Za kambuzi wa m'botolo samalani kwambiri. Mabotolo awiritsidwe, ndipo mugwiritse viniga ndi mchere. Adyo kapena tsabola wamuwisi womizidwa m'mafuta okhaokha n'kusiyidwa pa shelefu masabata atha kupanga poizoni woopsa amene saoneka kapena kununkha. Ngati palibe amene adaphunzira bwino za kaphikidwe kameneka yambani ndi zouma.

Mukafuna kulowa m'masupamaketi adzakufunsani chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo iwo amayendera malo opangira katundu n'kuyeza katunduyo. Zimafuna ndalama ndi kanyumba kapadera kaukhondo, ndiye si za chaka choyamba, koma muziyendetsa zinthu ngati kuti abwera mawa, kope la zolemba, madzi osamba m'manja, mipango kumutu. Gulu likakula mutha kulembetsa ngati kopaletivu ku unduna wa zamalonda, ofesi ya zamalonda kwa DC imathandiza pa zimenezi.

Chachisanu n'chiwiri, kugulitsa ndi kugawana

Gulitsani pamodzi. Venda akafika pamudzi amayenda khomo ndi khomo, kwa uyu anena mtengo wina kwa uyo wina, ndipo amayambira kwa amene mwana wake wabwezedwa fizi. Mukaunjika katundu malo amodzi n'kuyankhula ndi pakamwa pamodzi mtengo umasintha. Koma kuti zitheke gulu liyenera kukhala ndi kathumba kothandiza membala amene wapanikizika, abwereke ku banki m'khonde katundu wake akhale chikole, apo ayi adzagulitsa usiku mwakabisira ndipo simungamudzudzule. Muzikhala ndi sikelo yanu, muyeze katundu wogula asanafike, ndipo pa sikelo yake payambe paikidwa paketi ya shuga ya kilo imodzi anthu onse akuona. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, mvetserani pa wailesi kapena funsani alangizi kuti mudziwe poyambira kukambirana.

Musadalire wogula mmodzi. Kampani ina idatilonjeza kuti itenga tsabola yense, tidadikira miyezi iwiri foni ikungoitana, mwayi wake adali wouma bwino ndiye sadaonongeke, tidamugulitsa pang'onopang'ono kwa ena. Kuyambira pamenepo mgwirizano uliwonse timafuna ulembedwe, mtengo, giredi, tsiku lotenga ndi tsiku lolipira, ndipo katundu sakwera galimoto ndalama isanalowe mu Airtel Money kapena Mpamba ya gulu, meseji ya ndalamayo tiione pa foni yathu osati pa foni ya wogula. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Ngongole timapereka kwa makasitomala akale okha, ndipo oda yachiwiri siituluka yoyamba isanalipidwe.

Misika ing'onoing'ono musaipeputse, ndi imene imatidyetsa mwezi ndi mwezi: aphunzitsi ndi anamwino pa malipiro, amayi a zitumbuwa ndi samusa, ophika pa maukwati, okazinga tchipisi pa siteji, achibale a m'tauni amene amaika zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook anzawo a kuntchito n'kumaoda. Wachinyamata mmodzi wa foni yabwino apatsidwe ntchito imeneyi, ajambule paketi pamalo oyera kowala bwino, ndipo azilandira kangachepe pa paketi iliyonse yomwe wagulitsa. Lesitilanti mukaipeza, chomwe amafuna ndi kusalephera, ngati mwati dhania Lachiwiri m'mawa ndiye Lachiwiri m'mawa, n'chifukwa chake dhania timafesa kabedi katsopano masabata awiri alionse, ndipo miyezi yotentha timamuikira mthunzi chifukwa amathamangira kuchita maluwa. Akachita maluwa musazule, njere zake zouma nazonso ndi malonda komanso ndi mbewu yanu.

Poika mtengo werengani zonse, mbewu, mapaketi, malebulo, thiransipoti, chiphaso cha msika, mayunitsi a foni, ndi masiku omwe anthu agwira ntchito. Ambiri timaiwala thukuta lathu ndiye timaona ngati tapindula pomwe tangobweza zomwe tidalowetsa. Mlembi akhale ndi makope awiri, la ntchito ndi la ndalama. La ntchito ndi lomwe limateteza gulu kuti lisaphwasuke, aliyense akabwera kumunda asayine kapena adinde chala, ndipo pogawana phindu zitengere masiku omwe munthu wagwira ndi makilo omwe wabweretsa, osati mofanana, chifukwa wobwera tsiku lililonse akalandira chimodzimodzi ndi wobwera pa tsiku logawana lokha chaka chamawa sabweranso. Okalamba ndi odwala amene sangathe kuwerama apatsidwe ntchito yosankha, kulondera thandala ndi kumata mapaketi, masiku awo awerengedwe chimodzimodzi.

Ndalama ikalowa timaigawa patatu, gawo la mbewu ndi zipangizo za chaka chamawa, gawo la thumba la gulu, ndi gawo logawana, ndipo kuwerenga kumachitika pabwalo onse alipo, msungichuma akuwerenga mokweza mlembi akulemba. Ngati mukuyamba chaka chino, ulendo wa kumsika uja upangeni mu Julayi, dzenje la manyowa mu Ogasiti, mbewu ya jinja mukagule mu Seputembala pomwe alimi akukumba mtengo usanakwere, nazale ya tsabola mu Okotobala, ndipo nsungwi za thandala mudule mvula isanayambe kuti zidzakhale zouma pofika Malichi.